Bere Lomangidwa ndi Lasitiki

Dontho limodzi lokha la mkaka ndi limene linayambitsa zonsezi. Linagwera pa diresi la mkwatibwi, pachifuwa penipeni, pamene Make Kabatani anali atawerama akusokerera mikanda. Nsalu yoyera yonyezimira ija sikhululuka, ngakhale madzi akumwa amasiyapo chizindikiro, nanga mkaka? Mwini shopu, amene onse ankangowatchula kuti Madamu, anayang'ana dontholo, kenako anayang'ana bulauzi ya Make Kabatani imene inali itanyowa mbali ya kumanja. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangonena motsitsa mawu kuti ukwati watsala milungu iwiri yosakwana, nsalu ina ya mtundu umenewo kulibe, ndiye aliyense aone mmene angadzisamalire.

Make Kabatani ndiye anali katswiri wa ntchito ya pamanja m'shopu yosoka zovala imeneyi. Makina aliyense ankatha kupalasa, koma mikanda, maluwa a pa velo ndi mipendero yosaoneka ulusi zinkadikira iye. Anabwerera ku ntchito mwana wake wamkazi ali ndi miyezi itatu. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, wamng'ono kwambiri moti anzake a ku shopu atapita kukamuona anabwerako akunena kuti aona kabatani ka malaya, ndipo dzinalo linakakamira pomwepo. Anamwino anawatulutsa m'chipatala ndi lamulo limodzi limene anachita kulibwereza katatu: mwana ameneyu chakudya chake ndi mankhwala ake ndi bere, bere lokha, mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Make Kabatani analigwira lamuloli ndi manja awiri, ndipo mwanayo akakwera pa sikelo ankanyadira ngati kuti mnofuwo wausokerera yekha.

Kabatani ankagona m'dengu lalikulu kuseri kwa katani ya chipinda choyezera zovala. Akalira, mayi ake ankamutenga n'kumuyamwitsa ntchito ili m'manja, ndipo apa ndi pamene panabisala vuto limene palibe analiona. Munthu wosoka ndi dzanja lamanja amanyamula mwana ndi lamanzere. Choncho tsiku lonse Kabatani ankayamwa bere la kumanzere singano ikuyenda, pamene la kumanja linkangodzaza n'kumadikira madzulo. Komanso nsonga ya bere la kumanjalo inali ndi kamng'alu kamene kankaluma mwana akangoligwira. Kunena zoona, Make Kabatani sankadandaula kulipumitsa.

Atachita manyazi ndi dontho lija, nzeru zimene zinamubwerera zinali za utelala. Anatenga lasitiki wamkulu uja amaika m'chiuno mwa masiketi, anadziyeza ndi tepi, anadula, n'kusoka kalamba kopingasa kofinya bere la kumanja lokha. M'kati mwake anaikamo zidutswa za nsalu zochokera m'katoni ya pansi pa tebulo lodulira, momwe aliyense ankaponyamo zotsalira ndi kutengamo kansalu kopukutira thukuta kapena mafuta a makina. Msoko wake unali wokongola, ikanakhala siketi bwenzi anthu akufunsa kuti wasoka ndani. Mawa lake bulauzi inakhala youma tsiku lonse, ndipo Madamu podutsa anagwedeza mutu mokhutira.

Pofika Lachinayi masana, anzake onse akudzikupiza ndi makatoni chifukwa cha kutentha kwa simbi, Make Kabatani anayamba kuzizidwa. Mano ankagundana, mutu unkalemera, ndipo mikanda inayamba kumuthawa m'zala. Woyamba kuona anali mnzake wa pa makina a pambali, mayi wansangala amene ankamutcha Achikwama. Dzinali silinabwere chabe. M'chikwama mwawo munali chipatala chathunthu: mapiritsi a mutu, a m'mimba, a mano, ena opanda mapepala omwe, ndipo onsewa ankawagawa ndi mtima woyera ngati masiwiti.

Achikwama anayamba ndi kunena kuti amenewo ndi malungo. Koma Make Kabatani atawakokera kuseri kwa katani n'kumasula lasitiki uja, anasintha matenda pomwepo. Bere linali litatupa, lolimba gwa, lotentha ngati mbale yochokera pa moto. Kuyambira ku nsonga kulowera kukhwapa kunali kofiira psuu.

"Izi n'zazing'ono, asisi, ine ndayamwitsa ana anayi," anatero Achikwama uku akufufuza m'chikwama. "Makapisozi awa anatsala pamene abambo a kwathu ankadwala dzino. Alipo asanu ndi limodzi, muzimwa limodzi m'mawa, lina madzulo. Kenako mulitikite ndi mphamvu mpaka cholimbacho chiphwanyike. Mukapita ku chipatala mukangotayako tsiku lonse pa mzere, diresi la eni ake lili pompa."

Malangizo okoma ndi amene amagwirizana ndi zimene munthu akufuna kale kumva. Make Kabatani anamwa kapisozi, anatikita bere mpaka misozi kutuluka, anamanganso lasitiki wake, n'kubwerera ku mikanda. Lachisanu thupi linazizirako pang'ono, ndipo Achikwama anayenda tsiku lonse ngati munthu amene walandira satifiketi.

Kunyumba kunali apongozi ake, amene anabwera kudzathandiza chibadwire mwanayo. Anali munthu wabwino, wosatopa ndi ntchito, vuto lawo linali loti chilichonse ankachidziwa kale. Ataona berelo anagamula mosazengereza kuti mkaka wa bere lotupa ndi wovunda, mwana akaulawa atsegula m'mimba, ndipo kamwana kofooka ngati aka sikangapirire. Make Kabatani anayesa kamodzi mobisa kumupatsa Kabatani berelo. Mwanayo anayamwa kawiri, anakwinya nkhope, n'kulavula. Umenewo unaoneka ngati umboni wokwanira, ndipo kuyambira pamenepo bere la kumanja linatsekedwa ngati sitolo yogwa.

Makapisozi anatha Lamlungu m'mawa, ndipo kuzizidwa kunabweranso mwaukali kuposa poyamba. Make Kabatani sankafuna chakudya, madzi omwe ankangonyambita. Bere la kumanzere, limene linatsala lokha pa ntchito, linayamba kuchepa mkaka. Kabatani ankayamwa, kusiya, kulira, kuyamwanso, ndipo kulira kwake kunali kuja kwa mwana amene sanakhute. Apongozi anayesa kumupatsa mkaka wa m'chitini pa botolo, koma mwanayo analikankha ndi lilime, ndipo kochepa kamene kanalowa kanabwerera. Apa ndi pamene Make Kabatani anachita mantha enieni. Ululu wa bere akanaupirira, koma kuganiza kuti mkaka ukhoza kuphwa mwana wake asanalimbe kunamusowetsa mtendere.

Nanga n'chifukwa chiyani sanathamangire ku chipatala? Diresi linali chifukwa chonenera anthu. Chifukwa chenicheni chinali azakhali ake, amene zaka zingapo zapitazo anapita ku chipatala ndi chotupa cha m'bere n'kubwerako bere atalichotsa. Make Kabatani sanafunsepo kuti matenda a azakhali akewo anali otani. Iye ankangodziwa kuti anapita ndi awiri n'kubwera ndi limodzi, ndipo nkhaniyi sanaiuze munthu aliyense.

Mwamuna wake anali pulambala, munthu wa mawu ochepa amene ankachoka m'mawa ndi chikwama cha masipanala n'kubwera madzulo akununkha dzimbiri. Anauzidwa kuti ndi malungo ndipo anakhulupirira. Koma Lolemba m'mawa, akumanga nsapato kuti azipita, anaona mkazi wake akuwerama kuti anyamule mwana, dzanja lamanja n'kukana. Pomuthandiza kukhala pansi, bulauzi inatseguka ndipo lasitiki uja anaonekera, atalowerera m'khungu lotupa.

Anafunsa kuti chimenechi n'chiyani, ndipo atamva nkhani yonse anakanda m'mutu.

"Ine sukulu ya udokotala sindinapiteko, amake Kabatani," anatero. "Koma paipi ikatsekeka, sindinaonepo munthu akuimanga ndi chingwe kuti itseguke. Valani tizipita."

"Akandidula bere," anayankha Make Kabatani.

Mwamunayo anavula chikwama cha masipanala n'kukhala pambali pake. "Zoti akadula kapena sakadula sindikudziwa, ndingakunamizeni. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira dzulo mwanayu wanyowetsa matewera awiri okha. Ndawachapa ndine."

Make Kabatani anangopempha apongozi kuti amupatse kabuku ka sikelo.

Namwino amene anawalandira anali mayi wamfupi wa mawu okakala, wovala magalasi omangirira pa chingwe, wosadziwa kuzungulira polankhula. Anayamba ndi mwana. Anamuika pa sikelo, analemba m'kabuku, ndipo Make Kabatani anaona yekha kuti mzere wa kulemera kwa mwana, umene unkangokwera mwezi ndi mwezi, wapindikira pansi. Kenako anamuyeza mayiyo kutentha kwa thupi ndi magazi a pa chala. Malungo sanapezeke. Atamasula lasitiki uja anamukweza m'mwamba n'kumuyang'anitsitsa.

"Msoko ngwabwino," anatero namwinoyo. "Koma uyu akupita m'bini."

Anapima berelo mosamala ndi zala, anakhudza m'khwapa, anayang'ana kamng'alu ka pa nsonga. Kenako anawafotokozera onse awiri mmene zinayendera. Bere likamadzaza osayamwidwa, n'kulifinyanso, m'kati mumatupa ndipo tinjira ta mkaka timapanikizika. Pamenepo pokha bere limatha kufiira n'kupweteka popanda kachilombo kalikonse, ndipo nthawi zambiri limachira tsiku limodzi kapena awiri ngati mayi akuyamwitsa, akupuma, ndi kuikapo kansalu koviika m'madzi ozizira. Koma mng'alu wa pa nsonga ndi khomo lotsegula. Tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya, timene timakhala pakhungu, m'manja ndi pa nsalu zakuda, timalowera pomwepo n'kupeza mkaka wofunda uli phee. Tikaswana, thupi limatentha ndi kuzizidwa ngati malungo, ndipo munthu akachedwa mafinya amasonkhana malo amodzi. Kutikita mwamphamvu kuja, anaonjezera, kumangovulaza m'kati n'kukulitsa chotupa.

Atafunsa ngati wamwa mankhwala aliwonse, Make Kabatani anati a mutu okha. Namwino sanalembe kanthu. Anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kudikira, mpaka Make Kabatani anatulutsa yekha kapepala kopanda kanthu ka makapisozi a Achikwama.

"Sindikufunsa kuti ndikukalipireni, mayi," anatero namwino akukopera dzina la mankhwalawo pa fomu. "A ku labotale ayenera kudziwa. Mankhwala omwa mopereweza amatha kubisa kachilombo pokayeza, koma osakapha."

Make Kabatani analimba mtima n'kufunsa funso limene linamudya sabata yonse, ndipo anatchulanso za azakhali ake.

"Lero palibe akudula kanthu," anayankha namwino. "Zimene ndikuona pano ndi matenda a mabakiteriya, ndipo amachizika. Sindikubisirani, ilipo khansa ina yosowa imene imafiiritsa bere chonchi. N'chifukwa chake mukamaliza mankhwala muzabwerenso tidzaone. Kufiira kukapanda kutha tidzayeza zina. Koma musadziveke matenda a azakhali anu tisanawapeze."

Anamutengera kwa dokotala, amene anayendetsa kachipangizo kounikira m'thupi pa berelo n'kuwaonetsa pa kanema kadera kakuda kofanana ndi dzira la nkhunda. Amenewo anali mafinya. Dokotala anati awatulutsa ndi singano, atabaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi. Make Kabatani, munthu amene ankagwira singano kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ataona ya dokotala anatsinzina n'kugwira malaya a mwamuna wake mpaka batani linathothoka. Namwino anaseka n'kunena kuti lero telala ndiye wasanduka nsalu. Sizinatenge nthawi. Sirinji inadzaza mafinya achikasu, ndipo bere linapepuka nthawi yomweyo. Ena mwa mafinyawo anawathira m'kabotolo, analembapo, n'kutumiza ku labotale.

Zotsatira zinkafunika kudikira masiku atatu, koma matenda sakanadikira, choncho dokotala anamuyambitsa mankhwala amene amagwira mabakiteriya amene amapezeka kawirikawiri m'bere, pamodzi ndi ochepetsa ululu. Anatsimikiza kuti onsewa ndi oyenera mayi woyamwitsa. Za mkaka namwino ananena mosapita m'mbali kuti suli wovunda. Bere lotupa limatulutsa mkaka wa kamchere, n'chifukwa chake mwana anakwinya nkhope, koma sungamupweteke. Anamuuza kuti aziyamwitsa la kumanzere nthawi iliyonse mwana akafuna, azimuyesanso la kumanja, ndipo akakana azisamba m'manja n'kulikama pang'onopang'ono m'kapu yoyera, mkakawo n'kumumwetsa. Anamuonetsa makamidwe ake, chala chachikulu pamwamba, zinazo pansi, popanda kufinya nsonga. Mwamuna atanena mwaulemu kuti kunyumba kuli amayi ake amene ali ndi maganizo ena, namwino anati Lachinayi abwere nawo.

Kuimbira foni Madamu kunali kovuta kuposa singano ija. Make Kabatani anafotokoza zonse, za lasitiki zomwe. Kenako Madamu anati iwo ananena zosamala nsalu, sananene zoti munthu adziphe. Anamuuza kuti agone, mikanda amaliza Achikwama.

Lachinayi linafika zinthu zisanasinthe kwenikweni. Thupi linkatenthabe madzulo, ndipo pamalo paja panayambanso kulimba. Make Kabatani analowa m'chipinda cha namwino mtima uli m'mwamba, apongozi ali pambuyo ndi mwana kumsana. Namwino anali ndi pepala m'manja ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wagwira wakuba.

Anafotokoza kuti ku labotale anapaka mafinya aja pa kambale ka chakudya cha tizilombo n'kukaika malo ofunda kuti timere. Titamera anatizindikira: anali mabakiteriya otchedwa sitafilokokasi, amene anthu ambiri ali nawo pakhungu ndi m'mphuno osadwala, mpaka atapeza bala lolowera. Kenako anawabzalanso pa kambale kena n'kuikapo tizidutswa ta mankhwala osiyanasiyana. Pamene pali mankhwala amphamvu, tizilombo timafa n'kusiya bwalo loyera mozungulira. Pamene pali ofooka, timamera mpaka kuwakhudza.

"Makapisozi a anzanu aja, tizilombo tanu tinangomera mpaka pamwamba pake," anatero namwino. "Mukanamwa ngakhale chikwama chonse sizikanathandiza. Amene tinakupatsani ife Lolemba nawonso awakana, n'chifukwa chake simunachire. Koma awa," analoza mzere wina pa pepalapo, "awa awamaliza. Tsopano tikudziwa amene tikulimbana naye."

Make Kabatani anamva mtima ukukhala pansi koyamba m'masiku khumi. Matenda okhala ndi dzina ndi mankhwala ake sankaopsanso ngati aja ankawaganizira ali yekha. Dokotala anatulutsanso mafinya amene anasonkhana, ochepa kuposa oyamba, n'kumupatsa mankhwala atsopano a masiku khumi ndi anayi. Anamuchenjeza kuti pakatha masiku atatu adzamva bwino, ndipo pamenepo m'pamene anthu ambiri amasiya kumwa n'kusunga otsalawo. Iye amwe mpaka piritsi lomaliza.

Apongozi sakanatuluka osalankhula. Anafunsa mwaulemu kuti nanga mkaka wochokera m'bere la mafinya ungakhale bwanji wabwino, popeza iwo analera ana asanu ndipo nthawi zonse ankauzidwa kuti ndi poizoni. Namwino sanawaseke. Anawakokera mpando n'kuwafotokozera kuti mafinya anali m'kathumba kawokawo kutali ndi nsonga, ndipo mkaka wa mayi uli ndi chitetezo cholimbana ndi tizilombo tomweto. Anati chimene chatsitsa mdzukulu wawo pa sikelo si mkaka woipa, koma mkaka wochepa. Kenako anawapatsa ntchito: aonetsetse kuti mpongozi wawo akudya, akumwa madzi, akugona, ndipo sakudumphitsa piritsi. Apongozi anavomera ndi mutu, ngakhale nkhope yawo inkaonetsa kuti za mkakazo aziona okha.

Mankhwala atsopano anagwira. Pofika Loweruka kuzizidwa kunali kutatha, ndipo kufiira kunayamba kubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku. Apongozi anasanduka wapolisi wa mapiritsi, moti Make Kabatani ankawapeza ataima pakhomo ndi kapu ya madzi nthawi isanakwane. Ukwati uja unachitika, ndipo mikanda ya kumsana inali yokhotako pang'ono koma palibe anaona. Achikwama anabwera kudzazonda ndi nkhope yogwa. Atamva za kambale ka ku labotale ananena kuti iwo ankaganiza kuti kapisozi ndi kapisozi basi. Anabweretsanso uthenga wa Madamu woti amusokera epuloni ya nsalu yosalowa madzi, ndipo kuyambira tsopano mwana akamayamwa singano izikhala pa tebulo.

Chinatsala chinthu chimodzi, ndipo kwa Make Kabatani chinali chachikulu kuposa zonse. Kabatani ankakanabe bere la kumanja. Akamuikapo ankapotoza mutu, kuumitsa msana n'kulira mpaka amubwezere kumanzere. Mkaka wokama unali wochepa, nthawi zina wongophimba pansi pa kapu. Bere limodzi linkayesetsa, koma mwana ankakula ndi njala yake yomwe. Make Kabatani ankakama katatu, kanayi, kasanu pa tsiku, ndipo tsiku lina anakhala ndi kapu m'manja n'kulira, chifukwa ankadziona kuti bereli analiwononga yekha ndi manja ake.

Atabwerera ku chipatala mankhwala atatha, namwino anapeza bere lofewa, kufiira kutatheratu, mng'alu utapola. Anati za khansa aiwale. Koma pa sikelo mwana anali atangobwerera pamene anali asanatsike, osapitirira. Make Kabatani anadandaula za kukana kuja, ndipo namwino anati mwanayo sakudana ndi bere, anangozolowera kugonera mbali imodzi miyezi yonseyi. Anamuonetsa kagwiridwe kena. M'malo momutembenuza, amugoneke mmene amagonera akamayamwa kumanzere, kenako amusunthe chomwecho mpaka thupi lilowe m'khwapa la kumanja, miyendo kumbuyo, mutu m'chikhatho. Amuyese atangodzuka kumene, njala isanamukwiyitse, ndipo ayambe wakama timadontho kuti anunkhize. Anaonjezera kuti zikhoza kutenga masiku, asataye mtima.

Tsiku loyamba Kabatani anakana. Lachiwiri ananyambita n'kutembenuka. M'mawa wa tsiku lachitatu, mwamuna atapita ku ntchito, Make Kabatani anakhala pa mpando wa pafupi ndi zenera, pilo m'khwapa, mwana ali ndi tulo m'maso. Anakama timadontho tiwiri n'kumukhudzitsa pa mlomo. Kabatani ananunkhiza, anayasamula kukamwa kwambiri, n'kugwira. Anayamwa mofulumira kangapo, anaima, ndipo mayi ake analeka kupuma podikira kulavula kuja. Koma mwanayo anayambanso, tsopano pang'onopang'ono, chibwano chikutsika ndi kukwera.

Apongozi analowa ndi tsache m'manja n'kuima pakhomo. Ataona mbali imene mwana ali, anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma anadziletsa. Anatsamiritsa tsache kukhoma, anayandikira mwakachetechete, anagwada pambali pa mpando n'kutchera khutu pafupi ndi khosi la mdzukulu wawo. M'chipinda munali phee, ndipo kamawu ka kumeza kankamveka bwinobwino. Misozi ya Make Kabatani inkagwera pa pilo, ndipo atafuna kukweza dzanja kuti apukute, apongozi anamugwira mkono.

"Musagwedezeke, amake mwana," ananong'ona. "Akumeza. Musiyeni amalize."

Kabatani anayamwa mpaka bere linafewa, kenako analisiya yekha n'kugona, mkaka uli pa chibwano.

Phunziro: Bere la mayi woyamwitsa likatupa, kufiira, kutentha ndi kupweteka, musalimange, musalitikite mwamphamvu, ndipo musasiye kuyamwitsa kapena kukama, chifukwa mkakawo si wovunda. Yamwitsani mawere onse awiri mosinthanitsa, sambani m'manja, ndipo pa nsonga yong'aluka muziikapo nsalu yoyera yokha. Ngati thupi likutentha kapena kuzizidwa, kapena ngati papita tsiku limodzi osasintha, pitani ku chipatala. Musamwe mankhwala otsala kwa munthu wina, chifukwa mabakiteriya ndi osiyanasiyana ndipo ena samva mankhwala ena. Matenda akakana kutha kapena pakakhala mafinya, kuyeza mkaka kapena mafinyawo ku labotale ndi kumene kumaonetsa kachilombo kenikeni ndi mankhwala oyenera. Uzani achipatala zonse zimene mwamwa, malizani mankhwala onse, ndipo mubwererenso kuti akakuoneni ngakhale mukumva bwino.